Nyumba ya Usipa Yopanda Zenera

Iwe Tadala, chotsa dzanja pa zenera limenelo. Ndakuona. Ukuyesa kuti poti maso angawa ayamba kuchita mdima ndiye kuti makutunso anafa? Lisiye lotsegula. Ngati ukumva kuzizira kavale juzi, ili pachingwepo. Ndimadziwa zimene mumanena ndikangotembenuka, ana inu: ati agogo akabwera kuno nyumba imasanduka bwalo, mphepo kulowera uku n'kutulukira uko. Sekani, mano mukadali nawo. Koma poti lero mafoni anu atha moto ndipo mulibe chodinadina, khalani apa ndikuuzeni kumene ndinalitenga khalidwe limeneli.

Inu mumati kwathu ndi kuno ku Mangochi. Kwanu ndi kuno, inde, koma ine mchombo wanga unagwera kutsidya, ku Mozambiki. Nkhondo itafika m'mudzi mwathu tinathawa atatu: ine, agogo anu aamuna a Juwawo, ndi kamwana kathu Luwiza kumbuyo. Luwiza ameneyo ndi mayi anu omwewa, amene amakukalipirani mukasiya mbale zosatsuka. Nthawi imeneyo anali asanayambe n'kuyenda komwe. Tinatenga mphika umodzi, nsalu ziwiri ndi khasu lopanda mpini. Mpini tinausiya dala, chifukwa mtengo umapezeka paliponse koma chitsulo ayi. Inu mukamapita ulendo wa masiku ochepa mumanyamula zikwama ngati mukusamuka, ndiye sindikudziwa kuti mukanatani.

Nkhondo inatiphunzitsa zinthu zimene sizichoka m'thupi msanga. Moto usaoneke kunja. Utsi usakwere. Pogona tseka paliponse pamene diso la munthu lingasuzumire. Ndipo ukaona munthu wovala yunifolomu, usayambe wafunsa kuti ndi wa mbali iti, iwe thawa basi. Amene ankaima kuti afunse sitinawaonenso.

Tinatulukira ku Makanjira mapazi atatupa. Anzathu ambiri anatengedwa kupita kukampu ya othawa nkhondo, kumene ankapatsidwa ufa, nandolo ndi mabulangete. Agogo anu anakana. Iwo anali munthu wa m'madzi, msodzi chibadwire, ndipo anamva kuti kukampuko kulibe nyanja. Panalinso mphekesera yoti mayina akalembedwa kumeneko amakafika m'manja mwa asilikali kwathu. Linali bodza, koma munthu wamantha bodza amalimeza osatafuna. Choncho tinakwera lole ya nsomba yopita ku Mangochi. Msewu wake, ana inu, musaufunse. Paphiri tinkatsika n'kumakankha, pamtsinje tinkatsika n'kumawoloka pansi, mwakuti sindikudziwa ngati lole ija inatinyamula ife kapena ndife tinainyamula.

Ku Mangochi eni nyumba ambiri akangomva kalankhulidwe kathu ankati malo atha. Amene anatilandira anali Che Bwanali, bambo wogulitsa usipa wouma, wamtali, wosavula chipewa chake choyera. Kuseri kwa nyumba yawo kunali chinyumba chachitali cha zidina chimene ankasungiramo matumba a usipa. Ataona kuti anthu ofuna pogona achuluka, anatulutsa usipa, n'kugawa chinyumbacho ndi mipanda ya bango, chipinda chilichonse n'kuboolera kachitseko kake. Zenera munalibe ngakhale limodzi. Nanga usipa umafuna zenera? Fungo lake linali litalowerera m'makoma, moti ngakhale titasamba ndi sopo amphaka ankatitsatirabe pamsewu.

Mukuganiza kuti tinadandaula? Tinasangalala! Agogo anu anazungulira chipinda chija akupapasa makoma, kenako anati, "Mayi a Luwiza, nyumba ndi imeneyi. Chipolopolo chilowera pati muno?" Panali kampata pakati pa khoma ndi malata pamene pankalowa kamphepo. Tsiku lomwelo anatola ziguduli n'kutsekapo bwinobwino. Mabanja ena a kwathu amene anali m'zipinda zinazo anachitanso chimodzimodzi, popanda wowauza.

Nyengo yotentha ya kuno mukuidziwa. Anthu onse a m'dera lathu ankatulutsa mphasa n'kumagona pakhonde kapena pabwalo penipeni. Ife tinkadzitsekera m'kati, thukuta lili chuchuchu. Akazi a Che Bwanali, Abiti Saidi, mayi wonenepa wokonda kuseka, ankandiyang'ana m'mawa n'kupukusa mutu. "Amayi a Luwiza, tsiku lina tidzakupezani mutapsa ngati chinangwa chootcha. Tulukani muzigona panja, kuno kulibe nkhondo." Ine ndinkangoseka nawo. Mayi amene uja anali ndi mtima. Ndi amene anandiphunzitsa kukazinga zitumbuwa zogulitsa, ndipo m'mwezi wawo wosala kudya, dzuwa likalowa, ankatitumizira mbale ya futali ngakhale ife sitinali Asilamu. Futali wa masiku ano mumathira nsinjiro ngati mukuwaza mankhwala. Wa Abiti Saidi supuni inkaima yokha.

Mvula itayamba, chinyumba chija chinaonetsa khalidwe lake. Makoma ankachita thukuta, mphasa sinkauma, zovala zinkanunkha chuku. Chimbudzi chinali chimodzi cha tonse, ndipo chinakumbidwa pafupi ndi chitsime chimene tinkamwa. Luwiza anayamba kutsokomola, chifuwa chouma chosatha, ndipo popuma ankalira m'chifuwa ngati kamwana ka mphaka. Mwina mukufunsa kuti bwanji sitinawauze eni nyumba. Analipo wina anayesa, bambo wa chipinda chakumapeto dzina lake Afonso. Iye anangonena kuti denga likudontha pamene pamagona ana ake. Sabata isanathe katundu wake anali panja, ndipo m'chipindamo munalowa banja lina, chifukwa ofuna malo anali ambiri. Kuyambira pamenepo tonse tinasoka pakamwa. Munthu wothawa nkhondo, wopanda chiphaso, ukadandaule kwa yani?

Nthawi yomweyo kunayamba kuyenda bambo wina wa zaumoyo, a Mwale. Anali wamfupi, wovala malaya ndi kabudula wa khaki, woyenda pa njinga yakuda yolira tcheni. Ntchito yake inali kulowa m'nyumba za lendi, imodzi ndi imodzi, popanda womuitana, kuona zimbudzi, zitsime, madenga ndi mmene anthu akugonera. Ife izi sitinkazidziwa. Chimene tinaona ndi khaki basi. Che Bwanali nawo sanafune kutimasulira. Anatiitana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ameneyo amasaka anthu a ku Mozambiki. Akakupezani muno, lole ya kukampu ibwera. Ine ndakuuzani." Kaya ankakhulupirira zimenezo kaya ankateteza chinyumba chawo, Mulungu yekha ndiye akudziwa.

Tsono tinapangana chizindikiro ngati mmene tinkachitira kwathu. Amene wayamba kuiona njinga ija azikuwa kuti, "Nkhuku zathawa!" Mawu amenewo akamveka, aliyense ankakoka mwana wake, kukhoma loko pachitseko, liwiro la ku bango la m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Tangoganizani, azimayi akuluakulu titanyonyomala m'matope, udzudzu ukutidya, ng'ona zili chapafupi, tikuthawa munthu amene chida chake chinali tochi ndi ndodo yoyezera kuya kwa chimbudzi. Tsiku lina ndinathawa nditasiya ndiwo pamoto panja. Pobwerera ndinapeza mphika wateulidwa, waikidwa pambali, wavundikiridwa bwinobwino kuti agalu asafikepo. Ndinaima n'kumauyang'ana. Msilikali wanji amene amakuteulira ndiwo kuti zisapserere? Koma nditawauza agogo anu anati, "Ndi nyambo imeneyo. Nsomba timaikola choncho."

A Mwale anabwera kangapo dzinja lonse, nthawi zonse n'kupeza maloko okhaokha. Mvula inatha, kunabwera mwera ndi kuzizira kwake. Chifuwa cha Luwiza chinakula. Anthu anatiuza kuti mwana wachifuwa asamazizidwe, ndiye agogo anu anagula mbaula. Madzulo a tsiku limenelo, asanapite kunyanja ndi anzawo kukapha nsomba usiku ndi khoka la chilimira, anasonkha makala, analowetsa mbaula m'chipinda, anaiika pafupi ndi mwana, n'kundiuza kuti nditseke chitseko ndipo pansi pake nditsekepo ndi nsanza. Anachita zimenezo chifukwa chomukonda mwana wawo. Palibe anali atatiuzapo kuti makala m'nyumba yotsekeka amapha mwakachetechete, chifukwa kwathu tinkasonkha nkhuni m'nyumba za udzu zimene mphepo imadutsa paliponse.

Kutacha ndinadzuka mutu ukuwawa ngati wina akuuwaza ndi nkhwangwa. Ndinayesa kuima, miyendo inakana. Ndinamugwedeza Luwiza, koma sanalire, sanatsegule maso, manja ake anangoti lende. Nthawi yomweyo panja ndinamva, "Nkhuku zathawa! Nkhuku zathawa!" Kenako mapazi a anthu akuthamanga, maloko akulira, basi zii. A Mwale anali atazindikira kuti masana timawaona akadali patali, ndiye tsiku limenelo analawirira.

Mtima unkati thawa, thupi linkati sindingathe. Ndinakwawa mpaka pachitseko, ndinachotsa nsanza zija, ndinakoka chitsulo chotsekera. Chitseko chitatseguka, maso anga anayamba kuona nsapato, kenako masokosi aatali, kenako khaki. Ndinati basi, kwatha.

"Odi kuno," anatero bambo uja. Koma sanadikire kuti ndiyankhe. Ananunkhiza kamodzi kokha, nkhope yake inasintha. "Mayi, mwagona ndi mbaula muno? Muli ndi ndani m'katimo?"

Ndinangoloza ndi dzanja. Anandidumpha, analowa, anatuluka atanyamula Luwiza, anakamugoneka pansi pa mtengo wa mango umene unali pabwalo. Anabwerera kudzandikoka ine, kenako anatulutsa mbaula n'kuikankhira kutali ndi phazi. Anamasula nsalu zimene ndinamukulunga nazo mwana, anavula chipewa chake n'kumamukupiza nacho, uku akukuwa, "Eni nyumba! Bweretsani madzi!" Abiti Saidi anabwera akuthamanga, mpango uli m'manja. Ine ndinali gone pa dothi, ndikuyang'ana chifuwa cha mwana wanga ngati chikukwera. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Kenako kamwana kaja kanadzikoka, kanasanza, n'kuyamba kulira. Ana inu, ine ndamva makwaya ambiri pa moyo wanga, koma sindinamvepo mawu okoma ngati kulira kumene kuja. Ndinalira nanenso, Abiti Saidi akungobwereza kuti, "Alihamudulilahi, alihamudulilahi."

A Mwale anandikweza pakaliyala ya njinga, mwana ali m'manja mwanga, iwo n'kumakankha wapansi mpaka kuchipatala. Tili m'njira mphepo itandiomba, nzeru zinabwerera, mantha nawo anabwerera. Ndinati, "Bwana, chonde musatitumize kukampu. Amuna anga sangakhale kopanda nyanja."

Anaimitsa njinga n'kundiyang'ana. "Ndiye chimene mumathawira chimenecho? Mayi, ine za kukampu sizindikhudza. Ine ndimayendera makoma, zitsime ndi zimbudzi. Dzinja lonse ndakhala ndikufuna kuona m'kati mwa chinyumba chija, chifukwa nyumba yopanda zenera yokhala ndi matewera pachingwe imandisowetsa tulo." Anayambanso kukankha, kenako anawonjezera kuti, "Ndiwo zija zinapsa bwino?"

Kuchipatala anatigoneka masiku angapo. Anati utsi wa makala watuluka m'thupi, koma chifuwa chija chachokera ku chinyontho cha m'nyumba, ndipo mwana akabwerera m'malo omwewo chidzayambiranso. Apa ndiye panali vuto lina. Ndikutuluka m'chipatala ndinapeza Che Bwanali atasonkhanitsa alendi onse pansi pa mango paja, nkhope ili gwa. A Mwale anali atawauza kale kuti aboole mazenera, akonze denga, ndipo akumbe chimbudzi china kutali ndi chitsime, apo ayi nkhani ipita kwa akuluakulu a boma.

"Ndikufuna ndidziwe," anatero Che Bwanali, "ndani anakandinenera? Ine ndinakulandirani ena onse atakukanani. Lero mukundibweretsera boma pakhomo?"

Maso onse anali pa ine, chifukwa ndi ine ndinatsegula chitseko. Nditasuzumira m'chipinda chathu ndinaona kuti agogo anu amanga kale mtolo, mphika ndi khasu lija zili pamwamba. Zimene zinamuchitikira Afonso tonse tinkazikumbukira. Ndinaima mwana ali kumbuyo, ndikudzifunsa kuti kodi tigona kuti, ndipo ndani angatilandirenso atamva kuti ndife oitana boma.

Tili choncho tinamva tcheni cha njinga chikulira. A Mwale anafika kudzaona ngati ntchito yayambika, anatsamiritsa njinga pamtengo, anapereka moni, n'kufunsa kuti msonkhanowu ndi wa chiyani. Atamva anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Che Bwanali, anthu awa akandiona amathawira m'bango kwa ng'ona. Ndiye akanabwera kuofesi kwanga kudzakunenerani? Palibe anandituma. Ine ndinayambira kumlatho, nyumba ya lendi iliyonse ndikulowa. Kwa achimwene anu ndinalowa, akumba kale chimbudzi. Kwa abusa aja a nyumba za kuseri kwa msika ndinalowa, anakwiya kuposa inu. Ndikanati ndizidikira munthu wodandaula, bwenzi pano tikuchokera kumanda." Kenako anasiya kuseka. "Ndidzabweranso. Ndikufuna ndidzapeze mazenera, ndiponso ndidzapeze anthu omwewa, osati ena."

Che Bwanali anayamba kunena za kukwera mtengo kwa matabwa, koma Abiti Saidi, amene anali pakhonde, anawadula. "Bambo, mwana uja ndinamugwira ndi manja angawa atazizira. Akanafera m'nyumba mwathu, Lachisanu mukanalowa mumzikiti ndi nkhope yanji?"

Bambo aja anasisita ndevu. Kenako anati, "Walahi, ine ndimati ndikuthandiza anthu." Ndipo kunena zoona anatithandizadi, kungoti anatisunga mmene ankasungira usipa. Anatembenukira kwa agogo anu n'kunena kuti, "Che Juwawo, masulani mtolowo. Mmisiri abwera mawa." Ine ndinakhala pansi pomwepo. Mpweya umene ndinatulutsa tsiku limenelo ndinali nditausunga kuchokera ku Mozambiki.

Mukuyesa nkhani yathera apo? Simunawadziwe agogo anu. Mmisiri atafika ndi nyundo, zipinda zina zonse anaboola bwinobwino, koma pofika pa chathu anapeza a Juwawo ataima kutsogolo kwa khoma, manja atatambasula. "Pano ayi. Mukufuna munthu aziti akadutsa aziona pamene mwana wanga wagona?" Ankanjenjemera, bambo wamkulu amene sankaopa mafunde a mwera. Kwathu anali ataonapo zimene zimalowera pa zenera, ndipo sanandiuzepo zonse mpaka kumwalira kwawo.

A Mwale analipo. Sanawakalipire. Anangowafunsa kuti, "Bambo, inu ndinu msodzi. Mukadzuka, mumafuna kuyang'ana mbali iti kuti mudziwe mphepo ya tsikulo?" Agogo anu analoza kummwera. "Ndiye tiboole kumeneko. Ndipo nyundo nayi, booleni nokha, pamsinkhu umene mukufuna. Tiikapo zitsulo ndi waya wa udzudzu." Agogo anu analandira nyundo ija. Kenako anayang'ana Luwiza amene ankatsokomola kumbuyo kwanga, n'kumenya khoma.

Chidina choyamba chitagwa, kuwala kunalowa m'chipinda chimene tinakhalamo miyezi yonseyo osachiona bwinobwino. Khoma la pamene pankagona mwana linali lakuda bii ndi chuku, kuyambira pansi mpaka m'chiuno mwa munthu. Pamenepo ndi pamene ankatsamiritsa nkhope yake masiku onse. Agogo anu anaika nyundo pansi, anakwera pa mtondo, n'kuyamba kuzula okha ziguduli zija anatsekera kudenga. Tinapala khoma, tinalipaka laimu, tinayanika mphasa padzuwa. Mwezi usanathe Luwiza anayamba kuthamangitsa nkhuku za Abiti Saidi, zenizeni tsopano.

Asodzi amagona masana, mukudziwa. Masiku oyamba agogo anu ankagona chokhala, pansi pa zenera lija, chikwanje chili pamwendo. Koma tsiku lina ndikuchokera kogulitsa zitumbuwa ndinawapeza atagona chagada pamphasa, kukamwa kuli yasa, kamphepo kakuwaomba pamimba, chikwanje chili panja pamene ana ankasendera nacho nzimbe. Ndinayenda monyang'ama kuti ndisawadzutse. Kwa ine nkhondo inatha tsiku limenelo, ngakhale kuti mtendere weniweni unabwera pambuyo pake.

Mtendere utabwera anzathu ambiri anabwerera kwawo, ife tinatsala. A Mwale anapitiriza kumabwera, ndipo akafika tinkawaphikira tiyi m'malo mothawa. Pambuyo pake anawasamutsira kwina, sindinadziwe n'kwawo komwe. Lero ndimamva achimwene anu aja a lendi m'tauni akudandaula kuti a khonsolo abwera osanena, akusuzumira m'bafa ndi m'chimbudzi. Ndimangoti mwana iwe, atsegulire, uwapatse ndi mpando. Wokhala m'nyumba ya mwini amaopa kuyankhula, ndiye pamafunika wina wobwera yekha osaitanidwa.

Tamverani. Mwamva? Ndi mayi anu amenewo, akuchokera kumsika, akukuwa dzina lako Tadala ali kumsewu kuti ukawalandire dengu. Mudzi wonse ukuwamva. Mumadandaula kuti amalankhula mokweza, koma ine ndinawaonapo atagona pansi pa mango opanda ndi mpweya wolirira womwe. Thamanga ukawalandire. Zeneralo ulisiye choncho, ndikufuna ndiziwamva.